Dothi Losenzedwa Pamutu

1. Chingwe m'munda

Tsiku limene bambo ake aang'ono anabwera ndi chingwe, Kachiswe anali m'munda ndi amayi ake, akukumba mbatata zomaliza. Dzina loti Kachiswe anamupatsa ndi azimayi a pachilumba chakwawo, chifukwa ali kamwana ankakonda kutsatira amayi ake atasenza dothi m'kapu. Tsopano anali atakula, ali m'kalasi yomaliza ya pulayimale, koma dzinalo linali litamukanirira.

Kuti mumvetse nkhaniyi, muyenera kudziwa kuti chilumba chimenechi ndi mwala wokhawokha. Eni ake amati Mulungu pogawa dothi, atafika kuno anangokung'untha thumba lopanda kanthu. Munda uliwonse umene mungauone pachilumbapa unabwera pamutu pa mkazi. Azimayi amakapala dothi m'ming'alu ya matanthwe ndi m'makwawa, dengu limodzilimodzi, n'kumalithira kuseri kwa khoma la miyala. Amathiramo ndowe za mbuzi, phulusa ndi masamba owola mpaka lide bii. Amuna a kuno amadziwa ukonde ndi injini basi, khasu amaliona ngati njoka.

"Muli bwanji, alamu?" anatero bambo aang'onowo, maso ali kumbali. M'manja anali ndi chingwe ndi zikhomo.

"Tili bwino, kaya inu. Chingwecho, mwataya mbuzi?" anafunsa amayi a Kachiswe.

"Ayi, ndikufuna kuyeza. Achimwene anditumizira mawu pa boti. Akuti malo ano ndimangepo nyumba yosungiramo mainjini ndi maukonde, poti ndi pafupi ndi gombe."

Achimwene ankanenedwawo anali bambo ake a Kachiswe. Anapita kutsidya kukafuna ntchito mwanayo akungophunzira kumene kulemba dzina lake. Ntchito anaipeza, mkazi wina anamupezanso, njira yobwerera kwawo ndiyo inawasowa. Koma kulamula za munda umene sanathiremo ngakhale dengu limodzi, apo ndiye pakamwa sipanawalemere.

"Ndiye ife tizidya injini?" anafunsa amayi aja.

"Zimenezonso aziganizira, alamu. Akuti Kachiswe apite kutsidya. Mayi akunyumba kwawo kuja ali ndi khanda, akusowa wolera. Pakamwa pamodzi pakachoka, inu simungavutike kwambiri."

"Nanga sukulu?" anafunsa Kachiswe.

"Za sukulu sanatchule."

Amayi ake anaika khasu pansi, napukuta manja pansalu. Sanakweze mawu.

"Alamu, thanthweli ndi la kwanu, sindikukana. Koma pamene ndinkakwatiwa, pano panali pootherera dzuwa abuluzi. Dothi mukulipondali linabwera pakhosi panga. Thanthwe tengani, dothi ndisenza. Ndipo mukawauze achimwene anuwo kuti malinga ndili ndi polima, mwana wanga sakalera khanda la munthu. Akhala pano, aphunzira."

Bambo aang'ono anaseka kuseka kwa manyazi. "Kusamutsa munda? Alamu, munda si mphasa yoti mungopinda. Chitani zimene mungathe, koma boti la simenti likangofika ine ndiyamba kumanga."

Atatero anakhoma chikhomo choyamba pakati pa mzere wa mbatata.

2. Madengu

Palibe amene analiza belu kapena kuitanitsa msonkhano. Nkhani inangodutsa pachitsime, ndipo m'mawa mwake azimayi anafika ndi madengu, nkhata zili kale pamutu. Ambiri a iwo amuna awo analinso kutsidya, kapena anatsalira m'madzi, kapena analipo koma kukhalapo kwake kosathandiza. Ululu wa mnzawo sanachite kufotokozeredwa.

Malo atsopano anali thanthwe lotsetsereka, pamwamba pa khwawa lotsikira kunyanja. Analibe mwini chifukwa panalibe amene ankawafuna. Njira yake inali yokwera, yoterera, yoti mbuzi yomwe imayamba yaima n'kuganiza.

Anasenza dzuwa lili pamutu, anasenza mphepo ikuwakankha. Pansi pa mtengo wa pagombe amuna ankasoka maukonde akuonerera, ngati kwabwera zisudzo zaulere.

"Mukamaliza dothi mudzasenzenso thanthwelo!" anakuwa mmodzi.

"Tikamaliza dothi tidzasenza inuyo," anayankha mayi wina wogulitsa nkhuni, osaima n'komwe. "Mwakhalitsa malo amodzi, mwayamba kuwola. Mukhala manyowa abwino."

Azimayi anaseka mpaka madengu kugwedezeka. Mkazi wa bambo aang'ono, amene Kachiswe ankamutcha mayi aang'ono, nayenso analowa pamzere, atadzifunditsa nsalu kumutu.

"Amuna anu akudziwa kuti muli kuno?" anamufunsa amayi a Kachiswe.

"Akudziwa kuti ndapita kotunga madzi. Kungoti madzi a lero ndi olemera."

Kachiswe ankapita kusukulu m'mawa, masana n'kudzasenza nawo. Ankaona zimene ena sankaziona. Tsitsi la pakati pamutu pa amayi ake linali litathothoka, khosi litatupa moti potembenuka ankatembenuka thupi lonse. Dothi likatayikira panjira ankagwada n'kulitola ndi manja, ngakhale longodzaza chikhatho. Zimenezi zinkamuwawa mtsikanayo koopsa, ndipo anayamba kudana ndi chilichonse chotaya dothi, kaya ndi mphepo, kaya ndi nkhuku.

3. Mabowo a m'khoma

Khoma la munda watsopanowo ankamanga ndi mayi aakulu, mkulu wawo wa amayi a Kachiswe. Makoma ambiri a pachilumbapo anadutsa m'manja mwawo. Anali munthu wa pakamwa polusa, woti kukuyamikira amangoti, "Sunalakwitse kwambiri." Kachiswe ndiye ankawapatsira miyala.

Tsiku lina mtsikanayo anaona kuti m'munsi mwa khomalo mayi aakulu akusiya mabowo, oti nkhonya n'kulowa. Anatola mwala woti atseke limodzi. Mayi aakulu anamumenya padzanja, mwala uja n'kugwa.

"Tamvera kuno, iwe Kachiswe, ndipo umve ndi makutu onse awiri. Mabowo amenewa usaganize kuti ndikuwasiya chifukwa maso akalamba. Pansi pa munda uno palibe nthaka yoti madzi alowemo, pali mwala. Mvula ikagwa kumtundaku, madzi onse amatsetsereka kudzatsamira khoma lino. Ukawapatsa njira amadutsa, amakubera kadothi kodzaza kapu, n'kumapita. Ukawatsekera sabwerera, amaima pomwepo kudikira anzawo. Dothi limamwa, limalemera, limasanduka matope. Kenako umaona khoma likutuluka mimba. Likatuluka mimba usalikankhe, usaligwire, thawa.

"Ine ndinaona ndi maso angawa munda wa mayi wina wa kuseri kwa phiri ukutsika khwawa ndi nyemba zake zomwe, zili ndi maluwa. Anatseka mabowo ndi sanza chifukwa cha chisoni. Lero ali kutsidya, akuchapa zovala za anthu, ana ake anagawidwa kwa abale ngati ziwiya.

"Mvula ikadzayamba udzaona madzi akuda akutuluka m'mabowomu, ndipo mtima udzakuwawa. Uwawe, mtima suphedwa ndi zimenezo. Udzatsike m'munsimu, udzatole dothi limene latsalira pamwala, udzalibwezere m'munda. Lina lidzapita ndithu, ulisiye. Koma bowo usatseke, ngakhale ndi tsamba. Wamva?"

"Ndamva, mayi aakulu."

"Kaya. Ana inu kumva kwanu kumathera pakhomo pa khutu."

Khoma linatha, dothi lonse linakwera. Koma pa mwala womaliza weniweni tsoka linawapeza. Mwalawo unapulumuka m'manja mwa mayi aakulu n'kuwagwera paphazi. Anatukwana mwalawo ndi makolo ake omwe, nakana kuti sizinapweteke, koma kutacha phazi linali litatupa ndi kuda. Chipatala chokhoza kuona fupa chinali kutsidya.

Boti limene linabweretsa simenti ya bambo aang'ono ndi lomwe linawanyamula. Amayi a Kachiswe anapita nawo kukawadwazika.

"Uzikagona kwa mayi ako aang'ono," anatero amayi ake ali pagombe. "Mbuzi zisalowe m'munda. Khoma usalikhudze. Tibwera boti likadzabweranso."

4. Ndowa ya simenti

Amayi aja asanabwerere, kunagwa kamvula kowaza. Kachiswe pochokera kusukulu anathamangira kumunda asanavule ndi yunifolomu yomwe. Anapeza zimene anauzidwa zija. M'bowo lililonse munkatuluka madzi akuda, akuyenderera pamwala kulowera kukhwawa.

Anagwada n'kuyamba kutola dothilo ndi manja, monga anamuuzira mayi aakulu. Koma ukagwira apa, apo lapita. Linkamudutsa m'mipata ya zala. Anakumbukira khosi lotupa la amayi ake, misozi n'kuyamba kutsika.

"Koma ndiye khoma lanji lodontha ngati dengu?"

Anali bambo aang'ono. Chikhomereni zikhomo zija anali asanamuyang'anepo Kachiswe m'maso, koma tsiku limeneli anakwera okha phiri lonselo, atanyamula ndowa.

"Mwananga, leka kulira. Amisiri anga aweruka chifukwa cha mvulayi, ndiye simenti iyi yatsala yosakaniza kale. Ingouma pachabe. Tenga umate mabowowo, dothi la amayi ako lisathere m'nyanja."

"Mayi aakulu anati ndisatseke," anatero Kachiswe.

"Mayi ako aakulu anagwirapo simenti chibadwire? Amasiya mabowo chifukwa alibe chomatira, ndiye amachita kupeka zifukwa. Simenti imagwira nyumba yathunthu, ingalephere kakhoma aka? Taona mmene likupitira dothilo. Iyi ndi mvula yowaza chabe, nanga ikadzabwera yeniyeni? Ndipo likatha, iwe ukudziwa kumene ukupita."

Musaganize kuti munthuyu anali ndi chiwembu. Ayi ndithu. Manyazi ndiwo ankamudya, ndipo ankafuna kuwachotsa ndi ndowa imodzi ya simenti yotsala. Ankalankhula motsimikiza za chinthu chimene sankachidziwa, monga amachitira anthu ambiri amene sanasenzepo dengu. Anasiya ndowa ija pansi n'kutsika, mtima utapepuka.

Kachiswe anatsala yekha ndi ndowayo. Nyumba ya mayi wogulitsa nkhuni inali pafupi, poti ukakuwa amva. Mayi aang'ono anali kuchitsime. Mkazi aliyense wa pachilumbapo akanamuyankha ndi mawu amodzi okha. Koma iye sanafunse munthu. Ankafuna kuti amayi ake akadzafika adzapeze dothi lonse lili m'malo, adzanene kuti mwana wawo wakula.

Anatapa simenti ndi manja n'kuyamba kumata. Anamata bowo loyamba, madzi n'kusiya. Anamata lachiwiri. Anakankhiramo timiyala, namatanso pamwamba, nasalaza bwinobwino ndi chikhatho. Pofika kumapeto kwa khoma zala zinali zitayamba kuwotcha ndi kusupuka, koma panalibenso dontho limene linkatuluka.

Madzulo mayi aang'ono anaona manjawo. "Iii, manjawa watani nawo?"

"Ndi miyala," anatero Kachiswe, nawabisa kumbuyo.

5. Mvula yeniyeni

Kunachita dzuwa masiku angapo, simenti ija n'kuuma gwaa. Kenako tsiku lina, ana ali m'kalasi, kunja kunada ngati kwaphimbidwa bulangete. Mvula inayamba ndi mkokomo pamalata moti aphunzitsi anangotseka buku, poti mawu awo sankamveka.

Kachiswe anatuluka osatsanzika. Anathamanga mumvula momwemo, akuterereka ndi kudzuka, mpaka kumunda. Atafika anayamba wayang'ana m'munsi mwa khoma. M'mabowo muja simunkatuluka ngakhale dontho la madzi akuda. Kwa kanthawi kochepa anasangalala, anamwetulira ndithu ali yekhayekha.

Atakwera pamwamba kumwetulira kuja kunatha. Munda sunkaonekanso. Panali dziwe, ndipo madzi ena ankatsikabe kuchokera kumtunda, mathithi okhaokha. Anaponda m'mphepete, mwendo n'kumira mpaka m'bondo.

Anatsikanso, ndipo apa ndi pamene anaona. Pakati pa khoma, miyala inali itayamba kutulukira kunja. Khoma linali ndi mimba.

"Mayo ine! Mayo amayi!"

Anatola khasu limene linali pamenepo n'kuyamba kumenya simenti ya pabowo. Khasu linkangolira ngati lamenya chitsulo. Anamenya mpaka mpini kuthyoka. Anatola mwala, namenya ndi mwalawo, zala zikutuluka magazi. Chinthu chimene anachimata ndi manja ake chinakana kumumvera. Pomaliza, mwa uchitsiru wa mantha, anatsamira khomalo ndi msana kuti alibweze.

Mayi aang'ono ndi amene anamupulumutsa. Anali atamuona akudutsa chothamanga, namutsatira. Anamugwira kolala ya yunifolomu n'kumukokera kumbali, onse awiri n'kugwera pamwala.

Gumu! Khoma linang'ambika pakati. Miyala inayamba, matope akuda n'kutsatira, ndipo munda wonse unatsika khwawa ndi phokoso loti linamveka mpaka kusukulu. Ndowe za mbuzi, phulusa, masamba, thukuta la amayi ake kuyambira tsiku la ukwati wawo, zonse zinapita nthawi yochepa kuposa imene munthu amatenga kumwa kapu ya madzi.

Mvula itakata, thanthwe linali mbee, lotsukidwa bwino. M'munsi, pamene khwawa limathira m'nyanja, madzi anali atada dera lalikulu. Amuna a pansi pa mtengo aja anaimirira n'kumaloza. Tsiku limeneli panalibe woseka.

Mayi aang'ono anatola chibuma cha simenti, chokhala ndi zidindo za zala. Anachiyang'ana, nayang'ana manja a Kachiswe.

"Wakupatsa ndani?"

Kachiswe anabisa manja kumbuyo. Mayi aang'ono anaidziwa ndowa ya panyumba pawo, imene inali itagwera pambali. Anakhala pansi pamatope pomwepo n'kugwira kumutu.

6. Zotsala m'khwawa

Boti linafika mawa lake dzuwa lili pamutu. Amayi a Kachiswe sanachite kuuzidwa. Anaona mtundu wa madzi boti lisanakocheze, nakweza maso kuphiri, naona thanthwe loyera.

Mayi aakulu anakana kupita kunyumba. Anakwera phirilo ndi ndodo, phazi lili m'bandeji, akubuula pa sitepe iliyonse. Atafika anagogoda simenti yotsalira pabowo lina ndi nsonga ya ndodo yawo. Kachiswe anaima patali, mutu uli pansi.

"Ndi ine, mayi aakulu. Ndinaona dothi likupita, ndiye bambo aang'ono anati..."

"Bambo ako aang'ono asiye, amenewo sindinawauze kanthu. Ndinauza iwe. Ndinakuuza kuti mtima udzawawa, ndinanama? Ndinakuuza kuti lina lidzapita ulisiye. Iwe unakana kutaya kapu imodzi, lero wataya munda. Ndipo chikundipweteka kwambiri si simentiyi ayi. Azimayi onsewa anasenza nawe, anatupa nawe makosi. Unalephera kutsegula pakamwa kufunsa mmodzi yekha? Unakhulupirira munthu amene anakulandani malo, chifukwa anabwera ndi mawu ofewa ndi ndowa m'manja. Ife a mawu okalipa unatiyesa adani. Mwana iwe, wandiliza, ine sindilira wamba."

Analiradi mayi aakulu, chinthu chimene Kachiswe anali asanachionepo. Bambo aang'ono sanaoneke. Anali m'nyumba yawo ya mainjini yosafolera ija, akuti akuyang'anira amisiri.

Amayi a Kachiswe anapinda nsalu n'kupanga nkhata, natenga dengu, natsikira m'khwawa. Azimayi ena anawatsatira. Anayamba kupala matope amene anatsakamira m'ming'alu ndi kuseri kwa miyala, ena ndi zigoba, ena ndi masupuni, ena ndi zikhadabo. Kachiswe anapala nawo ndi zala zake zosupukazo, ndipo panalibe amene anamuletsa kapena kumulankhula.

Atatha m'khwawa, mayi wogulitsa nkhuni anapita kumunda kwake nabwera ndi dengu limodzi la dothi lake. Ena anachitanso chimodzimodzi, aliyense dengu limodzi, pochotsa pa kochepa kamene anali nako. Anathira zonse pamodzi pakona imene khoma linatsala chiimire. Zonsezo zinangokwana malo oti n'kuyalapo mphasa ziwiri.

Azimayi atabalalika, amayi ake anamuitana Kachiswe kunyumba. Iye ankayembekeza ndodo, ndipo akanailandira mokondwa. Koma amayi ake anangokhala pakhonde, natambasula miyendo, nalankhula ndi mawu otopa.

"Sindikumenya, mwananga. Ndikudziwa chimene unkafuna. Koma njala sifunsa kuti unkafuna chiyani. Ine ndiyambanso. Ndinayamba ndi dengu limodzi ndili mtsikana, ndiyambanso ndi dengu limodzi. Khosi lilipo, miyala ilipo, achemwali akachira adzamanga. Koma dothi lopala m'ming'alu ndi losabereka, limafuna zaka kuti lide. Kamalo katsalaka kangadyetse munthu mmodzi, ndiponso mosakhuta. Anzathuwa atipatsa dothi, sindingakawapemphenso chakudya cha ana awo. Ine kugona ndi njala ndinazolowera. Koma kukuona iwe ukuonda pamaso panga, ukukomoka m'kalasi, zimenezo sindingathe."

"Amayi, ndizidya pang'ono. Ndizisenza m'mawa ndisanapite kusukulu. Ndizisenza ndi madzulo omwe."

"Ndinawauza alamu kuti malinga ndili ndi polima sukapita. Polima ndilibe." Anayang'ana kumbali, kenako napitiriza. "Ndalankhula kale ndi woyendetsa boti. Akudikira kuti mphepo ileke, ndiye anyamuka. Abambo ako akakuchingamira pagombe la kutsidya. Kachape zovala zako zonse kuti ziume msanga."

Kachiswe analowa m'nyumba ngati woyenda kutulo. Anasonkhanitsa madiresi ake, nsalu ndi juzi, naziika m'beseni. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko panali yunifolomu yake, yamatope, kolala itang'ambika pomwe anakoka mayi aang'ono.

"Amayi, ndichape ndi yunifolomu yomwe?"

"Imeneyo isiye. Kumene ukupitako sukaivala."

Atatero amayi ake anadzuka, naika nkhata pamutu pothothoka tsitsi paja, natenga dengu n'kulowera kukhwawa, osacheuka.

Kachiswe anaima pakhomo mpaka dengulo litabisika kuseri kwa miyala. Kunyanja mphepo inali ikuwombabe, boti likugwedezeka pachingwe chake. Anabwerera m'nyumba, nachotsa yunifolomu ija pamsomali, naipinda kang'onong'ono. Anaiika pansi penipeni pa beseni, naiphimba ndi zovala zina zonse.